Mfumu Yolira Kuposa Anamfedwa: Nkhondo ya ku Towton m'Sewero la Shakespeare

Lamulungu la Kanjedza, pa 29 Marichi 1461, magulu awiri a asilikali a dziko limodzi anakumana pamtetete wa pakati pa midzi ya Towton ndi Saxton ku Yorkshire, kumpoto kwa England. Kunkagwa chipale chofewa, mphepo ikuchiwazira kumaso kwa asilikali a banja la Lancaster. Dzuwa lisanalowe, anthu masauzande anali atatsikira kulichete, ufumu utachoka m'manja mwa Henry VI n'kupita kwa Edward IV, mnyamata wa zaka 18. Patadutsa zaka pafupifupi 130, William Shakespeare anaika nkhondoyi m'sewero lake la Henry VI, Part 3. Koma pachimake penipeni pa nkhondoyo, m'chigawo chachisanu cha gawo lachiwiri, mlembiyu akuchotsa pa siteji akuluakulu onse a nkhondo. Akutisiyira mfumu itakhala pansi yokha, kenako anthu wamba awiri opanda mayina, aliyense ndi mtembo wake.

Ambiri amawerenga chigawochi ngati popumira, pamene timamvera chisoni mfumu yofatsa yomwe inabadwa m'nthawi yoipa. Chisonicho chilipodi, ndipo Shakespeare anachilemba ndi mtima wonse. Koma munthu akatsata bwino ndondomeko ya zolankhulidwazo, kuti wayamba ndani, wanena chiyani, ndipo ndi mawu ati amene sanayankhidwe, apeza kuti chigawochi chikuizenga mlandu mfumuyo. Chikutero popanda kuilanda ubwino wake, ndipo apa ndiye pagona mphamvu yake.

Mkangano wa mabanja awiriwa unachokera kutali. Onse, la Lancaster ndi la York, anali mbumba ya Edward III. Mu 1399 Henry IV wa ku Lancaster analanda mpando kwa Richard II, mwana wa bambo ake aakulu, ndipo kuyambira pamenepo funso lakuti woyenera ufumu ndani silinagonenso tulo. Mdzukulu wa Henry IV, Henry VI, analowa ufumu mu 1422 ali khanda la miyezi 9. Anakula wopemphera, wodana ndi magazi, wokonda maphunziro. Ndiye anayambitsa Eton College mu 1440 ndi King's College ku Cambridge mu 1441. Chimene chinkamukanika ndi kuweruza pakati pa nduna zake zolimbirana chuma ndi maudindo. Pofika 1453 madera a ku France amene England inkalamulira anali atatha kutayika kupatula Calais, ndipo chaka chomwecho mfumu inadwala mutu, kungokhala duu osazindikira anthu kwa nthawi yoposa chaka. Richard, Duke wa York, anayamba ndi kufuna kuyendetsa boma m'dzina la mfumu, kenako anafuna chisoti chenichenicho. Mu Okutobala 1460 Henry anavomera pangano loti alamulire mpaka imfa yake, koma wolowa m'malo akhale York. Mwana wa Henry yemwe, Edward wa zaka 7, anamanidwa cholowa.

Nkhondo ya ku Towton inatsogozedwa ndi ana olipsira imfa za abambo awo. Ku St Albans mu 1455 a York anapha Duke wa Somerset, Earl wa Northumberland ndi Lord Clifford. Ana a anthu atatuwa ndi amene anatsogolera gulu la Lancaster mu 1461. Kumbali inayi, Edward IV, mwana wa Duke wa York, anali atangotaya bambo ake ndi mng'ono wake Edmund ku Wakefield pa 30 Disembala 1460, ndipo mutu wa bambo akewo unali utapachikidwa pachipata cha Micklegate mumzinda wa York, utavekedwa chisoti cha pepala. Anthu otere sakumana kuti akambirane.

Tsiku la nkhondolo, Lord Fauconberg anauza amauta a York kuti aponye mivi motsata mphepo kenako abwerere m'mbuyo. A Lancaster, maso atadzaza chipale, anayankha ndi mivi yambiri yomwe inkagwera panjira, ndipo a York ankangoitola n'kuibweza. Kenako anagwirana pamanja kwa maola ambiri, mpaka gulu la Duke wa Norfolk litafika mochedwa kudzathandiza Edward. Mzere wa Lancaster unasweka. Othawa anatsetserekera kukamtsinje ka Cock Beck, komwe ambiri anamira, ena n'kuphedwa ali chothawa. Makalata olembedwa patangopita masiku ochepa ankati anafa anthu 28,000. Olemba mbiri ambiri lero amati chiwerengero chenicheni chinali chotsika ndithu, komabe Towton imawerengedwa pakati pa nkhondo zokhetsa magazi kwambiri zimene zinachitikapo panthaka ya England.

Shakespeare anawerenga za nkhondoyi m'buku la mbiri la Edward Hall la mu 1548. Hall anafotokoza za chipale, za mivi, za mtsinje wofiira, ndipo anadandaula kuti nkhondoyi inali yosemphana ndi chibadwa chifukwa mwana anamenyana ndi bambo ake, mbale ndi mbale wake. Wolemba sewero wina akanathamangira mivi ndi mtsinjewo. Shakespeare anazisiya zonsezo n'kutola dandaulo lija, n'kulisandutsa anthu amoyo olankhula. M'chigawo chonsechi palibe amene akutchula dzina la Towton. Anasinthanso chinthu china chachikulu. Tsiku la nkhondolo Henry weniweni anali mumzinda wa York, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20, pamodzi ndi mkazi wake Margaret wa ku Anjou ndi mwana wawo. Shakespeare anamuchotsa kumeneko n'kumukhazika pamphepete pa bwalo la nkhondo. Mfumu imene sinaone kanthu m'mbiri yeniyeni, m'sewero yaumirizidwa kuona. Mlembi sachita zotere pachabe.

Henry akuyamba kulankhula yekha, mizere 54 yonse. Poyamba akufanizira nkhondoyo ndi m'bandakucha, pamene mdima ndi kuwala zikulimbana, mbusa akuuzira mpweya zala zake zozizira, osadziwa ngati kwacha kapena kukadali usiku. Kenako akuifanizira ndi nyanja imene mafunde akuikankhira uku, mphepo ikuibweza uko. Mawu ake ndi osalala, oyezedwa bwino, mbali iyi ikapatsidwa mzere inayo ipatsidwanso wake. Tikamvetsera tipeza kuti m'mafanizo awiriwa mulibe munthu womenya nkhondo. Muli mitambo, madzi ndi mphepo, zinthu zimene palibe amene amazilamula ndipo palibe amene angaimbidwe nazo mlandu. Mfumu ikulankhula za nkhondo yomenyedwa m'dzina lake ngati ikunena za nyengo. Ikumaliza ndi kusiyira Mulungu kuti apereke chipambano kwa amene afuna. Mawuwa akumveka ngati kudzichepetsa kwa munthu wopemphera, ndipo mwina ndi momwemo. Koma amene akuwanena ndi mwini gulu limodzi mwa magulu awiriwo, ndipo akutiuza yekha chifukwa chimene wakhalira pano: mkazi wake ndi Clifford, mwana wa Lord Clifford uja, amuthamangitsa, ati zinthu zimawayendera bwino iye akakhala kulibe.

Malo amene wakhalapo ali ndi nkhani yake. Henry wakhala pakachulu ka mfuko. Oonera sewero anakaona kale kachulu kotere m'gawo loyamba, pamene Margaret anaimikapo Duke wa York atagwidwa, n'kumuveka chisoti cha pepala, n'kumupatsa kansalu konyowa ndi magazi a mwana wake kuti apukutire misozi. York anakwezedwa pakachuluko monyozedwa, munthu wofuna phiri n'kupatsidwa kamulu ka dothi. Henry wadzikhalira yekha pakachulu kake, munthu wokhala ndi phiri koma wolakalaka kamulu ka dothi. Shakespeare akuwaika amuna awiriwa pampando umodzi kuti tione kuti nkhondoyi ili ndi mizu iwiri. Wina anafuna ufumu mopitirira muyeso. Wina anaugwira osaufuna, koma osautayanso.

Apa Henry akulowa m'loto lake la ubusa, ndipo ndi pano pamene ndakatulo ya chigawochi ikukoma koposa. Akulakalaka akanakhala mbusa wamba, atakhala paphiri, akusema kachipangizo koonera nthawi ndi mthunzi wa dzuwa. Akuyamba kuwerenga: mphindi zingati zipange ola, maola angati apange tsiku, masiku angati apange chaka, zaka zingati munthu akhale ndi moyo. Akatero akugawa nthawiyo, ina yoweta nkhosa, ina yopuma, ina yosinkhasinkha, ina yosewera, ndiye masiku a bere la nkhosa, masabata oyembekezera kuti ziswe, nyengo yometa ubweya. Mizere yambiri motsatizana ikuyamba ndi mawu ofanana, moti womvetsera amamva ngati kugunda kwa wotchi. Kubwerezabwerezaku kukugwira ntchito yake. Kunja kuli phokoso limene silidziwika potha, ndipo munthuyu akudzimangira kanyumba ka mawu momwe chilichonse chimabwera panthawi yake, mpaka imvi, mpaka manda abata. Chimene Henry akusirira kwenikweni mwa mbusa ndi imfa yobwera mwa ndondomeko, munthu atakalamba. Ndi chinthu chomwecho chimene anthu masauzande akulandidwa kuseri kwa siteji pamene iye akulankhula.

Lotoli lili ndi chosowa. Mbusa wa Henry amadya chambiko, amamwa chakumwa chozizira cha m'thumba lachikopa, amagona pamthunzi wa chitsamba chaminga womwe Henry akuti ndi wokoma kuposa nsalu zopetedwa zotchingira mafumu. Zonsezi ndi zimene mbusa amalandira. Zimene mbusa amapereka palibe. Mulibe usiku wodzuka kukathamangitsa chilombo, mulibe nkhosa yotayika, mulibe ndodo. Anthu a m'nthawi ya Shakespeare ankamva m'tchalitchi za mbusa wabwino wotaya moyo chifukwa cha nkhosa zake, ndi za waganyu wothawa akaona mmbulu, ndipo ankadziwa kuti mfumu imatchedwa mbusa wa anthu ake. Henry akupempha ntchito imene ali nayo kale. Nkhosa zake zilipo, zikuphedwa chapafupi pomwepo, iye ali kalikiliki kuwerenga nkhosa za m'maganizo.

Lotolo likudulidwa ndi kulira kwa malipenga a nkhondo. Buku la masewero a Shakespeare la mu 1623 likusonyeza kuti mwana wopha bambo ake alowere khomo limodzi, bambo wopha mwana wake alowere khomo linalo. Alibe mayina. Woyamba kulankhula ndi mwanayo, ndipo mawu ake oyamba si a chisoni. Akukoka mtembo wa munthu amene wamupha pamanja, akuganiza kuti mwina m'matumba mwake muli ndalama. Akudziwanso kuti ndalamazo, pamodzi ndi moyo wake, angazisiyire wina kusanade. Pambuyo pa mizere yosalala ya mfumu, chilankhulo chagwa pansi, chakhala cha munthu wodziwa kuti moyo wake ndi wa maola ochepa. Nayenso akuwerenga nthawi, koma kuwerenga kwake kukuthera madzulo a tsiku lomwelo.

Kenako akuvundukula nkhope. Ndi bambo ake. Zimene akunena pamenepa ndizo mtima wa chigawo chonse, chifukwa asanalire akufotokoza mmene zinakhalira kuti iye ndi bambo ake apezeke mbali ziwiri. Iye anatengedwa ku London mokakamizidwa ndi mfumu. Bambo ake anali munthu wa Earl wa Warwick, ndipo anabwera kumbali ya York atakakamizidwa ndi bwana wawo. Palibe mwa awiriwa amene anasankha Lancaster kapena York. Palibe amene akunenapo za mbumba ya Edward III kapena za pangano la 1460. Wina anaitanidwa ndi mfumu, wina ndi mwini malo, ndipo onse anapita chifukwa kukana kunalibe. Tikumbukire kuti mu Marichi 1461 mzinda wa London unali m'manja mwa a York, ndipo gulu la Lancaster linali lodzaza ndi anthu a kumpoto. Shakespeare akanatha kunena kuti mnyamatayu anatumidwa ndi Somerset kapena Northumberland. Anasankha kutchula mfumu, mfumuyo itakhala pomwepo ikumva. Mnyamatayo akupempha Mulungu amukhululukire poti sanadziwe chimene ankachita, pemphero lokumbutsa la Yesu pamtanda, ndipo akupepesa bambo ake poti sanawazindikire. Iye wavomera mlandu wake ngakhale anali ndi pothawira.

Nanga Henry akuyankha chiyani? Akuti zimene waonazi ndi zomvetsa chisoni, nthawi ndi yamagazi. Akuti mikango ikamalimbirana mapanga, ana a nkhosa osalakwa ndi amene amavutika. Akulonjeza kulira naye mnyamatayo, msozi kubwezera msozi. Mawu onsewa ndi achifundo. Koma mnyamatayu wangotchula kumene dzina la amene anamutenga kwawo, ndipo mwini dzinalo sakunenapo kanthu. Akulankhula za mikango ngati kuti iye sali m'gulumo. Chonsecho m'gawo lachinayi, podzitamandira kuti sanapondereze anthu ake, Henry yemweyu akudzifanizira ndi mkango wosisita mwana wa nkhosa. Amadziwa chimene iye ali. Fanizo lake likulakwanso kwina. Anthu awiriwa si ana a nkhosa osalakwa. Tawaona ndi maso athu akupisa m'matumba a akufa. Shakespeare akuwalemekeza kuposa mmene mfumu ikuchitira, chifukwa akuwaonetsa monga anthu athunthu amene nkhondo yawaphunzitsa kufunkha, pamene Henry akuwaona ngati chithunzi chothandiza kulira.

Bambo uja akulankhula mwaukali kuposa mnyamatayo. Akuuza mtembowo kuti unalimbana naye kwambiri, choncho upereke golide ngati uli naye, poti wamugula ndi zikwapu zambiri. M'mawu amenewa muli ulemu wa msilikali kwa mdani wolimba mtima, ndipo ulemuwo ukusanduka mpeni akaona nkhope. Amene anaima nji osagonja uja ndi mwana wake mmodzi yekhayo. Bamboyu akuchita chimene makolo amachita: akumuitana, akumupempha kuti ngati mwatsala kamoyo atukule maso aone misozi ya bambo ake. Sakutiuza n'komwe mbali imene iye ankamenyera, kapena imene mwana wake anali. Pamene mnyamata uja anafotokoza za mfumu ndi Warwick, bamboyu sakuona chifukwa chotchulira mbali. Shakespeare watichotsera chidziwitsocho dala. Pofika pano funso la amene akupambana, lomwe olemba mbiri amalitenga ngati lalikulu pa Towton, latha ntchito.

Henry akuyang'ana nkhope ya mnyamata wakufayo n'kuonapo maluwa awiri, lofiira m'magazi ndi loyera m'masaya otumbuluka, mitundu ya mabanja awiri olimbanawo. Fanizoli ndi lamphamvu, ndipo lathandiza kukhomereza m'maganizo a anthu dzina limene nkhondozi zinadzadziwika nalo pambuyo pake, la nkhondo za maluwa. Asilikali enieni a ku Towton ankavala zizindikiro za mabwana awo, monga chimbalangondo ndi ndodo yamfundomfundo ya Warwick. Duwa lofiira linatchuka kwenikweni pamene Henry Tudor anapambana ku Bosworth mu 1485 n'kuliphatikiza ndi loyera. Koma taonani chimene fanizoli likuchita m'kamwa mwa Henry. Bambo akuona mwana wake. Mfumu, pankhope yomweyo, ikuona mbendera. Ikupempha kuti duwa limodzi lifote, linalo likule, kuti anthu asathe. Ikunenanso kuti ikanakonda imfa yake ikanaletsa zoopsazi. Pempho lotere likanamveka likanachokera kwa munthu wopanda mphamvu. Koma m'chigawo choyambirira cha sewero, Henry anavomera chamumtima kuti umwini wake wa ufumu ndi wofooka, ndipo chimene anapempha pamenepo chinali choti asiyidwe alamulire mpaka imfa. Mwayi woti duwa limodzi lifote anali nawo, anaukana.

Tsopano mawu atatu akuyamba kulandizana ngati nyimbo ya maliro. Mwana akufunsa mmene mayi ake adzamuchitire akamva. Bambo akufunsa mmene mkazi wake adzalirire. Mfumu ikufunsa mmene dziko lidzaiganizire. Aliyense akumaliza ndi mawu amodzimodzi, osonyeza kuti wolirayo sadzatonthozeka. Kufanana kwa kamangidwe ka mizereyi kungatinamize kuti zisoni zitatuzi ndi zofanana, koma ndi kufanana komweko kumene kukuonetsa kusiyana. Anthu wamba awiriwa akuganiza za akazi amene atsala kunyumba. Kwa nthawi yoyamba m'chigawochi tikukumbutsidwa kuti mtembo uliwonse uli ndi khomo lake, ndipo wina ayenera kukafika pakhomopo n'kunena zimene zachitika. Mnyamatayu ayenera kukauza mayi ake kuti wawasandutsa amasiye ndi iye. Nkhawa ya mfumu ndi yakuti anthu adzaiganizira zoipa. Awiri akuopa kuyang'ana m'maso mwa munthu, wachitatu akuopa mbiri.

Pakulandizana kwachiwiri, mwana akufunsa ngati panakhalapo mwana wolira bambo ake chotere, bambo akufunsanso chimodzimodzi za mwana wake, ndipo Henry akutseka ndi kunena kuti chisoni chawo ndi chachikulu, koma chake ndi choposa kakhumi. Kwathu munthu wotere timati akulira kuposa namfedwa, ndipo pasiwa anthu amamuyang'ana ndi diso lina. Henry sakunama. Akumvadi kuwawa, ndipo tingathe kunena kuti mfumu imalirira anthu masauzande pamene awa akulirira mmodzi mmodzi. Koma Shakespeare akuyankha masamu amenewa kudzera mwa bambo uja. Bamboyo akuti manja ake adzakhala nsanda ya mwana wake, mtima wake manda, kuusa kwake belu la maliro, ndipo akuti adzalira mwana wake mmodziyu monga mmene Priam, mfumu ya ku Troy, inalirira ana ake onse olimba mtima. Nthano zimati Priam anali ndi ana aamuna 50. Munthu wamba wopanda dzina akuika mwana wake mmodzi pasikelo ndi ana onse a mfumu, ndipo sikeloyo ikulingana. Chisoni sichichulukitsidwa ndi udindo wa wolira. Henry, yemwe wakhala akuwerenga kuyambira pachiyambi, wawerenga chinthu chosawerengeka.

Mathero a chigawochi akusonyeza amene wasinthika. Mwana akunyamula bambo ake kupita nawo komwe angalire mokwana. Bambo akunyamula mwana wake, akunena kuti ofuna kumenya apitirize okha, iye wapha pomwe sanayenera kupha. Ameneyu ndi munthu yekhayo m'chigawo chonse amene watenga chiganizo. Wasiya nkhondo, ndipo watchula chimene wachita ndi dzina lake lenileni, kupha munthu. Onse awiri akutuluka atasenza katundu. M'nthawi yonseyi palibe mwa iwo amene waiona mfumu kapena kuimva. Misozi imene Henry analonjeza sinawafike. Iye akutsala pakachulu paja, akubwereza kuti ndi wachisoni kuwaposa. Kenako mwana wake, mkazi wake ndi Duke wa Exeter akulowa mothamanga, kumuuza kuti zonse zatha, akwere hatchi athawire ku Berwick. Henry akudzuka, akuti sakuopa kutsala, kungoti amakonda kupita kumene mfumukazi ikufuna. Analowa atathamangitsidwa, akutuluka atatengedwa, manja ali lende.

Wina angati uku ndi kumuumira mtima Henry. M'sewero lodzaza ndi anthu okonda magazi, iye yekha ndi amene amanyansidwa ndi mutu wa York pachipata. Clifford amapha mwana wosalakwa polipsira bambo ake. Richard, mng'ono wake wa Edward IV, yemwe Shakespeare wamuika pankhondoyi ngakhale panthawiyo anali mwana wa zaka 8 wobisidwa kutsidya kwa nyanja, akuphunzira kale kukoma kwa kupha. Poyerekeza ndi amenewa Henry ndi woyera mtima, ndipo chigawochi sichikutsutsa zimenezo. Akanakhala woipa, phunziro likanakhala lophweka ndi lachabe. Chimene Shakespeare akutionetsa ndi chovuta kuchilandira: munthu angathe kukhala wabwino m'zonse za iye mwini, koma n'kukhalabe chifukwa chimene anthu akufera, ngati wakhala pampando wofuna chiganizo iye osachipereka.

Oonera oyamba, cha m'ma 1591, sankaona izi ngati nkhani yakale. Mfumukazi Elizabeth I inali itayandikira zaka 60, yopanda mwana, ndipo sinkalola kuti za woilowa m'malo zikambidwe. Peter Wentworth, phungu wa nyumba ya malamulo, anatsekeredwa mu Tower of London mu 1593 chifukwa choumirira nkhaniyi, ndipo anafera momwemo. Kutsidya kwa nyanja, France inali ikudyana yokha m'nkhondo zachipembedzo. Amuna a ku London ankatengedwa mokakamizidwa kukamenya nkhondo ku France ndi ku Netherlands. Mnyamata wonena kuti anatengedwa ku London ndi lamulo la mfumu ankalankhula kwa anthu amene mawa lake akanatha kutengedwa chimodzimodzi.

Nthaka ya ku Towton inadzaperekanso umboni wake. Mu 1996, anthu omanga pa Towton Hall anapeza dzenje momwe munali mafupa a amuna pafupifupi 40. Akatswiri a pa University of Bradford atawayeza anapeza kuti pafupifupi onse anali ndi mabala a kumutu, ambiri oposa amene akanakwanira kupha munthu. Mmodzi, amene anapatsidwa nambala yoti Towton 25, anali wa zaka za pakati pa 36 ndi 45, ndipo anatemedwa kasanu ndi katatu m'mutu. Bala lina linang'amba chigaza kumbuyo, lina linadutsa pankhope mopingasa. Apa mbiri yeniyeni ndi yoopsa kuposa sewero. Kwa Shakespeare, nkhope ikavundukulidwa chidani chimatha, munthu amazindikira mnzake. M'dzenje la ku Towton nkhope zinaonedwa, n'kutemedwabe. Komabe pa chinthu chimodzi mlembiyu analasa. Lord Dacre, yemwe anafa tsiku lomwelo, ali ndi manda ake a mwala pabwalo la tchalitchi cha ku Saxton. Amuna a m'dzenjemo ali ndi manambala. Shakespeare sakanatha kuwapatsa mayina, koma anawapatsa pakati pa siteji ndi mawu olemera koposa m'nkhondo yonseyo.

Towton imatchedwa nkhondo yothetsa makani, ndipo kumbali ina ndi zoona. Edward anavekedwa chisoti pa 28 Juni 1461, Henry anathawira ku Scotland, anagwidwa mu 1465, anabwezeredwa pampando mu 1470 ndi Warwick yemwe uja, ndipo anafera mu Tower of London mu Meyi 1471, mwana wake ataphedwa kale ku Tewkesbury. Ngakhale pobwezeredwapo, anali ena omunyamula n'kumukhazika. Zaka 10 zimenezi zinadya anthu enanso ambiri otengedwa m'makomo mwawo m'dzina lake. N'chifukwa chake ndikuona kuti mzere wofunika koposa m'chigawochi si wa mfumu ayi, ngakhale mizere yokoma kwambiri ndi yake. Ndi uja wa mnyamata wonena amene anamutuma. Mawu amenewo anafunika yankho kuchokera kwa munthu mmodzi yekha padziko lonse, munthuyo anali pomwepo, ndipo anasankha kulira. Henry ayenera kumveredwa chisoni, ndipo wowerenga woona mtima adzamumvera. Koma mtsogoleri amayankha mlandu wa zimene zachitika m'dzina lake, ndipo mlandu umenewo sulipiridwa ndi kufatsa kwa mtima kapena kuchuluka kwa misozi.